Honda yakale ya m'khonde: kugula kapena kusiya?

Anthu amaganiza kuti nchito ya pa wailesi ndi ya pakamwa pokha, koma theka lake ndi ya miyendo. Kuti mumve mlimi wa ku Domué akudandaula za mtengo wa feteleza, kapena gule wa ngoma wa kumidzi ya kumalire, pamafunika munthu apite komweko ndi cojambulira mau, abwerenso nthawi ya pulogalamu isanakwane. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikupalasa njinga kapena kulipira anyamata a mota. Tsopano ndapitirira zaka 40, ndipo zitunda za Angónia zayamba kundimvetsa maondo. Conco caka cino, titagulitsa mbatata ya kacewere, ine ndi mayi a kunyumba tinagwirizana kuti tipeze njinga yamoto.

Ndalama zathu zinangopitirira pang'ono theka la mtengo wa Lifo yatsopano ya m'sitolo ku Ulónguè. Tikanatha kudikira kukolola kwina. Koma tinamva kuti mayi ena amasiye akugulitsa Honda XL125 ya malemu amuna ao, omwe anali mlangizi wa zaulimi. Njingayo inali itakhala m'khonde madzinja atatu, yofundidwa ciguduli. Matayala anali ataphwa n'kung'ambika, mpando utadyedwa ndi makoswe, cheni citauma gwa ndi dzimbiri, ndipo m'thanki munkanunkha petulo wovunda. Mtengo umene ankachula unali pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mtengo wa yatsopano.

Anzanga anagawikana. Ena ankati Honda siifa, ingothira petulo uone. Ena ankati njinga yakale ndi dzenje, ndalama ukaponyamo sumva n'komwe yagwera. Ndinaona kuti onsewo akunena zoona, kungoti aliyense akukamba za njinga imene anakumana nayo iye. Dzina lolembedwa pa thanki silikanandiuza kuti iyi ili m'gulu liti. Ndiye ndinapita kwa amakaniko ena acikulire amene anakonzapo njinga zambiri za alangizi ndi za mabungwe.

Iwo anandiuza kuti matenda a njinga ali patatu. Oyamba ndi ogula mankhwala ake pamsika: matayala, cheni, mabuleki, zingwe za kilachi, pulagi, batire ndi mpando. Amenewa amaopsa maso koma mtengo wake umadziwika. Aciwiri ndi ofuna dzanja la mmisiri, monga kutsuka kabureta, kucotsa dzimbiri m'thanki ndi kusintha maringi a pisitoni. Acitatu ndi amene amapha njinga: felemu yopindika kapena yothyoka pakhosi, bokosi la injini long'aluka, ndi mutu wa injini wodyeka.

Pa mutu wa injini ndi pamene anatsindika. Mu XL125, kacitsulo kotsegula ndi kutseka mavalavu kali pamwamba penipeni, kamazunguzidwa ndi kacheni kakang'ono ka m'kati, ndipo kamadalira oyilo woyera kuti afike kumeneko. Mwini wake akamacedwa kusintha oyilo, kacitsuloko kamadya malo amene kamagonapo, mutu wonse n'kutha nchito. Vuto limeneli a Honda analiona okha m'maiko ngati athu ano, kumene anthu sasintha oyilo pa nthawi yake, n'cifukwa cake mu 1975 anatulutsa CG125, ya injini yopirira nkhanza. Njinga zambiri za ku China zinatengera injini ya CG imeneyi, motero zipangizo zake zili ponseponse. Za XL n'zosowa. Ngakhale tayala lake lakutsogolo, la mainchesi 21, silipezeka pa benchi iliyonse ngati la njinga zinazi.

Tsiku lokaiona tinapita ndi amakanikowo. Anakoka cingwe kucokera ku tayala lakumbuyo kufika kutsogolo kuti aone ngati mawilo ali pamzere umodzi. Anapala utoto pakhosi pa felemu kufuna zipsera za kuwocherera, osapeza. Anaponda kiki pang'onopang'ono, n'kunena kuti injini siinagwirane koma mphamvu yake ndi yocepa. Kenaka anapempha kukhetsa oyilo ndi kutsegula civundikiro ca pamwamba. Apa mayi aja anadodoma.

"Acimwene, mukaiphwasula n'kuisiya, ine ndidzagulitsa kwa yani?"

"Amayi, amakanikowa ndiwalipira ndine, ndipo abwezera zonse m'malo mwake. Cimene tipeze tikuuzani, cabwino kapena coipa."

Anavomera. Oyilo anatuluka wakuda bii, koma amakaniko ataupaka pa cala n'kuyang'ana padzuwa, munalibe tizitsulo tonyezimira. Pogona kacitsulo kaja panali posalala. Malemuwo ankaisamala njinga yao. Zofunika kusintha m'kati zinali kacheni kaja, kamene kanali katatamuka, ndi maringi.

Cinatsala ndi mapepala, ndipo kwa ife a kumalire nkhani imeneyi si yocepa. Njinga zambiri zimayenda m'midzi muno popanda cikalata ciliconse, ndipo zina mwa izo zinabedwa tsidya lina n'kuolotsedwa usiku. Ine ndawerengapo pa wailesi mauthenga a anthu olira njinga zao, ndiye sindikanafuna tsiku lina kudzamva nambala ya njinga yanga ikutuluka pakamwa panga pomwe. Njinga yopanda mapepala imakusandutsa munthu wa njira zacidule, woopa mseu wa ku Calómuè ndi wapolisi aliyense. Mayi aja anatulutsa livrete m'cikwama ca malemu, ndipo manambala ake anafanana ndi odindidwa pa felemu ndi pa injini. Koma dzina linali la womwalira, ndipo katundu wa womwalira ali ndi maso ambiri. Ndinapempha kuti abale a malemuwo adzakhalepo, amfumu adzaone, ndipo tidzalembe kalata yogulitsirana yoti ndikayambire nayo zosintha dzina.

Masamu anacita ndi mayi a kunyumba, amene amagwira ndalama bwino kuposa ine. Analemba mtengo wa njinga, zogula pamsika, malipiro a amakaniko, ulendo wa ku Tete ndi za mapepala. Pamwamba pake anaonjezera gawo limodzi mwa magawo anayi, ati injini ikatsegulidwa siilephera kuonetsa cina. Zonse pamodzi zinafika pafupi ndi magawo atatu mwa anayi a mtengo wa yatsopano, kupitirira ndalama zimene tinali nazo. Kusiyana kwake n'kwakuti yatsopano imafuna ndalama zonse tsiku limodzi, pamene yakale imalola kulipira mwezi ndi mwezi. Anandiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a ana, gulani, koma njingayi isadye feteleza, isadyenso makope a ana." Limenelo ndilo linakhala lamulo.

Ndinadzifunsanso ngati mtima sunali kundinamiza. Ndili mnyamata, XL inali njinga ya anthu olemekezeka, ndipo kulira kwake kokha kunkatitulutsa m'nyumba. Cikumbumtima cotere cingagulitse munthu citsulo cakufa. Koma nditacotsa zimenezo, cifukwa cina cinatsalabe. Njingayi ndi yaitali, mimba yake ili kutali ndi nthaka, ndipo inapangidwira njira zokumbika ndi matope ngati a dzinja lathu, nthawi imene nkhani za kumidzi zimacuruka koma zoyendera zimasowa. Ndikanakhala mnyamata wonyamula anthu, wofuna ndalama ya tsiku lomwelo, sindikanaigula. Njinga yokonza imafuna munthu amene angathe kudikira miyezi ingapo mphika wake uli pamoto.

Pokambirana mtengo, anzanga ena anandilangiza kuti ndiwerengere mayi aja zoonongeka zonse mpaka agwetse mtengo pakati. Sindinatero. Cimene cinapangitsa njingayo kukhala yoyenera kugula ndi oyilo amene amuna ao ankasintha mokhulupirika, ndipo phindu la cisamaliro cimeneco linayenera kufika kwa ana ao. Anandicotsera ndalama ya matayala awiri, tinagwirana canza pamaso pa amfumu, ndipo njinga tinaikweza pa ngolo.

Kukonza tikucita motsata ndondomeko ya amakaniko: mabuleki ndi matayala poyamba, kenaka injini, kenaka magetsi, utoto pamapeto ngati ndalama idzatsale. Pamene ndikulemba izi, mabuleki agwira, thanki yayera, ndipo tikudikira kacheni kaja kucokera ku Tete. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Kwa inu amene mwaona njinga ina itagona m'khonde mwa mnansi ndipo mtima wayamba kugunda, musaope dzimbiri la kunja, komanso musakomedwe ndi utoto watsopano. Tengani mmisiri amene si mnzake wa wogulitsa, muone felemu, oyilo ndi mutu wa injini, muyerekeze manambala ndi a pa livrete, ndipo masamu mukacite ndi amene mumadya naye mbale imodzi. Wogulitsa akakana kutsegula injini kapena kuonetsa mapepala, mutsazikeni mwaulemu, ndalama yanu ibwerere nanu kunyumba.