Kwa mwana wanga, za AC ya Aqua yako



Amayi ako andiuza kuti AC ya galimoto yako yasiya kuzizira bwino, ndipo anzako akuntchito akuti ungokapopetsa gasi basi. Ndi dzuwa la Okutobala ku Chikwawako, ndikumvetsa kuti ukufuna zitheke lero lomwe. Koma faka mtima m'malo kaye, chifukwa Toyota Aqua si galimoto yoti aliyense amene ali ndi silinda ya gasi aigwire.

Ntchito ya AC ndi kutola kutentha kwa m'galimoto n'kukakutaya kunja. Ukapaka spiriti pakhungu umamva kuzizira chifukwa akamauma amanyamula kutentha kwa thupi lako. Gasi wa mu AC amachita zomwezo, kungoti iye amazungulira m'mapaipi otsekeka. Kompuresa imamufinya mpaka atatentha kwambiri, kenako amadutsa mu kondensa, imene ili kutsogolo kwa rediyeta, ndipo mphepo ikamuomba amasanduka wamadzimadzi. Akatero amapyola pa valavu ya kabowo kothina n'kulowa mu evaporator, kuseri kwa dashibodi. Mmenemo kufinyika kuja kwachepa, choncho amawira n'kubwereranso kukhala mpweya. Gasi wa R-134a akakhala wosafinyidwa amawira pa madigiri 26 kunsi kwa ziro, ndiye kuwira kwakeko kumayamwa kutentha kwa mpweya umene fani ikukankhira kwa iwe. Madzi amene umaona akudontha pansi pa galimoto ndi chinyezi chochokera mu mpweya womwewo, asakudetse nkhawa.

Pamenepa waona wekha kuti gasi satha ngati petulo. Akachepa kwambiri ndiye kuti penapake pakutuluka: kamphira ka polumikizira mapaipi kauma, paipi yang'aluka, kapena mwala wa mumsewu waboola kondensa. Kupopera wina osatseka pobookapo n'kutaya ndalama, komanso oyilo wa kompuresa amayenda limodzi ndi gasiyo, ndiye akamatuluka gasi oyilo nayenso amachepa. Chimene chimandipweteka mtima n'kuona amakaniko ena akutsegula valavu kuti gasi wakale angouluka. Kilogalamu imodzi ya R-134a imatenthetsa dziko mofanana ndi makilogalamu pafupifupi 1,430 a carbon dioxide. Gasi ameneyu analowa m'malo mwa R-12, amene mayiko anagwirizana zomusiya pa pangano la ku Montreal mu 1987 chifukwa ankawononga ozone. R-134a nayenso tsopano akusiyidwa: ku European Union galimoto zatsopano sizikuloledwa kumugwiritsa ntchito kuyambira 2017, ndipo zambiri zinasamukira ku R-1234yf. Magasiwa sasakanizidwa. Tsegula boneti, upeza kachikwangwani kotchula mtundu wa gasi ndi magalamu ake.

Tsopano ndifike pa chimene chandilembetsa kalatayi. M'galimoto wamba kompuresa imazungulitsidwa ndi lamba wochokera ku injini. Mu yako injini imazima yokha ukaima pamaloboti, choncho a Toyota, kuyambira pa Prius ya mu 2003, anaika kompuresa yoyendera magetsi a batire lalikulu. Mu Aqua ngati yakoyo batirelo ndi la mavoti 144. Mota ya kompuresayo ili mkati mwake momwemo, ndipo mawaya ake amanyowa ndi gasi ndi oyilo nthawi zonse. N'chifukwa chake oyiloyo ayenera kukhala wotchinga magetsi, amene a Toyota amamutcha ND-OIL 11. Oyilo wa PAG wa galimoto wamba, monga ND-OIL 8, amayamwa chinyezi ndipo satchinga magetsi mokwanira. Ngakhale wochepa amene watsalira m'mapaipi a makina a pagalaja angathe kuipitsa AC yonse. Magetsi akayamba kudukira ku chitsulo cha kompuresa, kompyuta ya galimoto imayatsa chenjezo, nthawi zina galimoto n'kukana kulira, ndipo wogwira pamenepo angathe kugwidwa ndi magetsi. Kukonza kwake nthawi zambiri n'kusintha kompuresa ndi zipangizo zina, ndalama zoti ungalire nazo. Mawaya a mtundu wa olenji usawakhudze, ndipo usalole munthu wosadziwa kuwamasula.

Ukafika pagalaja, funsa mwaulemu koma mosaopa. Kodi anakonzapo AC ya galimoto ya hybrid ngati yakoyi? Ali ndi mapaipi osakhudzana ndi oyilo wa galimoto zina? Ayambe apeza pamene pakutulukira gasi n'kukonzapo, kenako akoke mpweya ndi chinyezi chonse ndi pampu ya vacuum, ndipo gasi watsopano amuyeze pasikelo mogwirizana ndi kachikwangwani kaja. Wochuluka kwambiri nayenso sazizira bwino ndipo amalemetsa kompuresa. Wina akakuuza kuti gasi wa mufiriji kapena wophikira ndi wotsika mtengo, nyamuka uzipita, chifukwa ena mwa magasi amenewo amayaka moto.

Podikira zonsezi, kumbuka kuti batire lalikulu lija limazizira ndi mpweya wa m'galimoto momwemo, kudzera pa timabowo ta pansi pa mpando wakumbuyo. Usatsekepo ndi zikwama kapena thumba la ufa, ndipo uziimika galimoto pamthunzi. Ukapeza makaniko, undiimbire ndilankhule naye asanamasule chilichonse.

Ine bambo ako okukonda.