Njira ya m'Mbali mwa Nyanja, Kuchokera ku Mangochi Kufikira ku Karonga

Ndifuna kukusimbirani za ulendo umene tidayenda m'mwezi wa Ogasiti, ndi umo tidasankhira njira ndi malo opumulira. Pakuti masiku ano ana athu akwatira kutali, ndipo ambiri a inu mudzayenda njira yomweyo, ena ku ukwati, ena ku maliro.

Mnyamata wina wa m'mudzi mwathu kuno ku Mangochi, amene ndidamphunzitsa katekisimu akali mwana, adapeza mbeta ku Karonga kumene agwira ntchito, ndipo ukwati wawo udayenera kudalitsidwa Loweruka m'mawa. Abale ake adasonkha ndalama napeza minibasi ya hayala, nandipempha ine kuti ndiwatsogolere. Tidalipo anthu 12, ndipo pakati pathu padali agogo ake a mnyamatayo, amene adamlera atamwalira mayi wake, nkhalamba yotupa miyendo ikakhala pansi nthawi yaitali.

Tsono padabuka kutsutsana pa za njira. Dalaivala adati, “Aphunzitsi, tinyamuke Lachisanu masana, tikwere phiri pa Golomoti, tikagwire msewu wa M1 ku Dedza, tiyende usiku wonse kudzera ku Lilongwe, ku Kasungu ndi ku Chikangawa. Kukacha tili pa Karonga, ndipo simutaya ndalama pa malo ogona.” Mawu amenewa adakomera ambiri, pakuti ndalama zidali zochepa ndithu. Koma ine ndidawerenga zina. Ulendowu upitirira makilomita 700, woyendetsa ali mmodzi, ndipo tulo sitiona nkhope. Pa mapiri a Viphya pamagwa nkhungu ndi chisanu m'miyezi yozizira, kotero kuti munthu saona patali. Ndiponso wonyamuka Lachisanu alibe tsiku lapadera: tayala likaphulika, ukwati wampita.

Njira ina ndiyo ya M5, yotsata nyanja kudzera ku Salima, ku Nkhotakota ndi ku Nkhata Bay. Imeneyi ndi yachidikha ndi yofunda, midzi ili pafupipafupi, ndipo maparishi ali m'njira momwemo. Nayonso ili ndi zovuta zake, sindikubisirani. Pena ndi yopapatiza, njinga ndi mbuzi zichuluka, ndipo mitsinje yonse yotsika ku mapiri iyenera kuoloka msewu umenewu isanathire m'nyanja. Chifukwa chake m'dzinja, kuyambira Disembala kufikira Epulo, madzi nthawi zina amadula milatho. Ukadakhala mwezi wa Febuluwale, ine ndemwe ndikadasankha njira ya kumtunda. Koma udali Ogasiti, mitsinje itaphwa.

Tidatsutsana mpaka dzuwa kupendeka, ndipo adatha mlandu ndi agogo aja. Adati, “Ana inu, mwanayo ndidamlera ine ndi phala la m'chipande. Ndifuna kukamuona ndi maso anga, osati kukafika m'bokosi. Gulitsani mbuzi zanga ziwiri, tigone m'njira.” Padalibenso woyankha. Tidapangana kunyamuka Lachitatu, kugona kawiri, ndi kufika Lachisanu masana.

Tidanyamuka mbandakucha, titapemphera ndi kudzipereka kwa Rafaele Mngelo, amene adaperekeza Tobiasi pa ulendo wake. Potuluka m'Mangochi ndidawakumbutsa anzanga kuti pano, kwa Mfumu Mponda, ndipo padafikira ansembe oyamba a White Fathers mu 1889. Koma adazunzika ndi malungo ndi nkhondo za masiku amenewo, nachoka mu 1891 osabatiza anthu ambiri. Msewu utsata nyanja kulinga ku Monkey Bay, ndipo achinyamata adafuna kuti tipatukire ku Cape Maclear, kumene amishoni a Livingstonia adayamba ntchito yawo mu 1875. Ndidakana, pakuti kupatuka kumeneko kudya theka la tsiku. Tidakhotera kumadzulo, pakati pa milambe, kufikira tidagwira M5.

Popumulira pathu poyamba padali pa Mua, patsinde pa mapiri a Dedza. Mishoni imeneyi adaiyamba ansembe a White Fathers mu 1902, ndipo mbewu idakanika kwa Mponda idamera pano. Pali tchalitchi, chipatala, sukulu ya ana osamva, ndi malo a Kungoni amene adayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, kumene asema mitanda ndi zifanizo, nasunga mbiri ndi miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Agogo adawongola miyendo m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe, ife tidalowa m'tchalitchi kukapembedza Ukaristia. Onani, abale, malo opumulira abwino ndi otere: pali mthunzi, pali madzi, pali sing'anga wina akadwala, pali Ambuye.

Tidapitirira pa Chipoka, tidaoloka Linthipe, ndipo pa Salima tidathira petulo ndi kudya nsima ya masana. Kuchoka pa Salima kufika ku Nkhotakota ndi makilomita ngati 110. Pa mlatho wa Chia, pamene thamanda lalikulu likumana ndi nyanja, asodzi aimika chambo m'manja pambali pa msewu, ndipo tidagula ndiwo za madzulo. Tidafika ku Nkhotakota dzuwa likali m'mwamba.

Mudzi umenewu uli ndi mbiri yolemera mtima. Pano padakhala Jumbe, amene ankaolotsa akapolo pa zombo kupita tsidya lija, nawayendetsa pansi kufikira ku Kilwa ku nyanja yamchere. David Livingstone adafika pano mu 1861, nabweranso mu 1863, ndipo mkuyu umene amati adakhala pansi pake polankhula ndi Jumbe anthu amauonetsa alendo pa mishoni ya Anglican. Pomweponso adaika Episkopi Chauncy Maples, amene adamira m'nyanja mu 1895. Madzulo tidaima pa mchenga, mwera ukuomba, mafunde akuchita thovu, ndipo tidanena Korona kupempherera onse amene adaoloka madzi amenewa atamangidwa magoli, osaonanso kwawo.

Lachinayi tidaoloka Bua, mtsinje wa mpasa, wotuluka m'nkhalango ya Nkhotakota kumene adasamutsirako njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete mu 2016 ndi 2017. Pambuyo pake tidalowa m'minda ya nzimbe ya Dwangwa. Apa ndipo ndidalakwa ine. Pa Dwangwa pali okonza matayala ambiri, ndipo mtima udandiuza kuti ndifunse za tayala lapadera. Koma ndidachita manyazi, poopa kuti dalaivala angayese ndimphunzitsa ntchito yake. Akulu adati safunsa anadya phula.

Titaoloka Dwambazi tidalowa m'dziko la Atonga, dziko la mchenga woyera ndi minda ya chinangwa. Tidachedwa pa Bandawe, kumene Dr Robert Laws adasamutsira mishoni ya Livingstonia mu 1881 asanakwere ku Khondowe mu 1894. Pali tchalitchi chakale ndi manda a amishoni amene malungo adawatenga akali anyamata. Ndipo titangopitirira Chintheche, dzuwa litafiira, tayala lakumbuyo lidaphulika. Dalaivala adatsitsa lapadera, nalipeza lopanda mpweya, lothetheka mpaka mawaya kuonekera. Tidaima pamenepo ngati nkhuku zonyowa, agogo akunjenjemera ndi mphepo ya mwera.

Tsono adatulukira bambo wina wachikulire wa mudzi wapafupi, mkulu wa mpingo wa CCAP. Atamva za ife adati, “Alendo, mayi awa sangagone mumsewu ine ndili ndi denga. Tiyeni kunyumba.” Akazi ake adaphika kondowole ndi usipa, natenthetsa madzi othowa miyendo ya agogo; amayi adagona m'nyumba, ife amuna pakhonde. M'mawa mwana wawo adanyamula matayala onse awiri pa njinga kupita nawo kokamatitsa. Tidafuna kulipira, koma bamboyo adakana nati, “Aphunzitsi, mlendo ndi mame. Mukatipempherere ku ukwatiko.” Ine ndidakhala zaka ku seminale ndikuphunzira za chikondi cha kwa mnzako, koma usiku umenewo ndidachidya ndi manja.

Tidanyamuka Lachisanu dzuwa litakwera. Tidadutsa m'mitengo ya mphira ya Vizara, kumene ana agulitsa mipira yopanga okha, ndipo sitidatsikirenso ku doko la Nkhata Bay monga tidapanganira. Dziwani ichi, inu odzayenda: kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri agwera m'madzi momwe, kotero kuti msewu waukulu suthanso kutsata nyanja, ndipo midzi ina ya kumeneko, monga Ruarwe, anthu amafikako pa bwato kapena pa sitima ya Ilala. Motero M5 ikwera makilomita osakwana 50 kufika ku Mzuzu, kumene ikumana ndi M1. Ku Mzuzu tidagula tayala lina, tidadzaza petulo, tidagwada pang'ono m'Katedrale ya Petulo Woyera, ndipo tidavala majuzi, pakuti mzindawu ndi wozizira.

Kuchoka ku Mzuzu kufika ku Karonga ndi makilomita ngati 220. Msewu udzera pa Ekwendeni, nutsata chigwa cha Henga ndi mtsinje wa Rukuru, kenaka utsika phiri la Chiweta mokhotakhota. Apa dalaivala wathu adachita bwino: adaika giya yaing'ono natsika pang'onopang'ono, pakuti wodalira mabuleki okha pa mtsetse wotere amawatentha, ndipo akatentha sagwiranso. Pa ngodya ina nyanja idaonekera pansi pathu yonse, yobiriwira, ndi mapiri a ku Tanzania tsidya lija. M'galimoto monse mudangoti zii. M'madzi a chigawo chimenechi mudamira sitima ya Vipya mu Julayi 1946, ndipo adafa anthu 145. Tidawapempherera mpumulo wosatha.

Pa Chitimba pali njira yokwera ku Livingstonia, ya makona ngati 20. Si ya minibasi yodzaza anthu, ndipo tidaipitirira. Tidadutsa Chilumba ndi minda ya mpunga, ndi kulowa m'Karonga nyenyezi zoyamba zitatuluka. Ndiwo mzinda umene Angerezi ndi Ajeremani adamenyanirana mu Seputembala 1914, ndipo kuyambira 2010 uli ndi dayosizi yakeyake, yogawidwa ku ya Mzuzu. Achibale a mkwatibwi adatilandira ndi mpunga wa Kilombero ndi mbalagha, ndiye nthochi zophika pamodzi ndi nyama. Tikadanyamuka Lachisanu monga adanenera ena, tayala lomwe lija likadatiphulikira pakati pa usiku, m'nkhalango ya Chikangawa kapena pa Chiweta penipeni.

Chifukwa chake ndikupemphani, abale, mukafuna kuyenda njira imeneyi, yambani mwafunsa kwa amene abwera kumene ngati milatho ili bwino, makamaka m'dzinja. Ikani tsiku limodzi lapadera, ngakhale litadya mbuzi. Gawani ulendo molingana ndi mphamvu za wofooka wa onse, osati za mnyamata. Musayende usiku. Onani tayala lapadera ndi jeke ndi maso anu, musachite manyazi monga ine. Thirani petulo pa Salima, pa Nkhotakota, pa Dwangwa ndi pa Mzuzu, osadikira kuti athe. Tengani masikito, pakuti kunyanja kuli udzudzu wa malungo. Ana asasambe pa bango kapena pa mathiriro a mitsinje, pokhala ng'ona ndi likodzo. Ndipo ulendo ukagwera pa Lamulungu, dziwiranitu parishi imene mudzamvere Misa.

Loweruka m'mawa agogo adakhala pa benchi lakutsogolo. Pamene Bambo Mfumu adadalitsa mphete, nkhalamba ija idaimirira pa miyendo yake yotupa nilulutira katatu. Pobwerera tidaima pa mudzi uja wa ku Chintheche, tidasiya thumba la mpunga pakhomo. Ndikupemphani mabanja nonse, mukamanena Korona madzulo mwezi uno, mukumbukire banja latsopanolo, ndi banja lija lidatitsekulira chitseko.

Ndine mphunzitsi wanu mwa Khristu.