Galimoto idadutsa osaima



Sabata ino ndafuna kuti tisinkhesinkhe za munthu amene dzina lake silipezeka m'mabuku a anthu oyera, ndipo nyimbo zake sitingaziimbe pa Misa. Munthuyu ndi Syd Barrett, woimba wa ku England, mmodzi mwa amene adayambitsa gulu lotchuka la Pink Floyd. Ena mwa inu mufunsa kuti katekisti akufunako chiyani ku nyimbo za magitala olira ngati ziphaliwali. Mbiri ya munthu ameneyu ili ndi funso limene limatipeza ife tomwe pano pa parishi: kodi mnzathu akasanduka katundu wolemera, timatani naye?

Barrett adabadwira mu mzinda wa Cambridge pa 6 Januwale 1946, ndipo dzina lake lenileni lidali Roger. Bambo ake, amene adali dokotala, adamwalira mu 1961 iye ali ndi zaka 15. Atakula adapita ku London kukaphunzira luso lojambula zithunzi, ndipo kumeneko adagwirizana ndi anyamata atatu, Roger Waters, Nick Mason ndi Richard Wright, amene adadziwana pa sukulu yophunzitsa kulemba mapulani a nyumba. Dzina la gululo adalipeka ndi Barrett mu 1965, polumikiza mayina a oimba awiri achikuda a ku America, Pink Anderson ndi Floyd Council. Iyeyo ndiye ankapeka nyimbo zambiri, ndiye ankatsogolera kuimba, ndiyenso ankaliza gitala. Mu 1967 nyimbo zake ziwiri, "Arnold Layne" ndi "See Emily Play", zidamveka dziko lonse la Britain, ndipo chaka chomwecho gululo lidatulutsa chimbale chake choyamba, The Piper at the Gates of Dawn. Adachijambulira ku Abbey Road, pa nthawi imene a Beatles ankajambula chimbale chawo cha Sgt. Pepper m'nyumba yomweyo. Mnyamatayu adali ndi zaka 21 zokha.

Chaka chimenecho chisanathe, zinthu zidayamba kusokonekera. Barrett ankagwiritsa ntchito kwambiri mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD, ndipo ntchito yoimba usiku ndi usiku pamodzi ndi kukakamizidwa kupeka nyimbo zina zogulitsa malonda zidamulemera. Nthawi zina ankaima pa nsanja akungoyang'ana patali, manja ali lende, kapena kuliza chingwe chimodzi cha gitala kuyambira poyamba mpaka pamapeto. Anzake adayesapo kupita naye kwa dokotala wina wodziwika wa matenda a maganizo, R. D. Laing, koma iye adakana. Kenaka adaitana David Gilmour, bwenzi la Barrett la paubwana ku Cambridge, kuti aziliza gitala pamene mwini wake walephera.

Tsiku lina mu Januwale 1968, gululo lidali pa ulendo wokaimba ku Southampton. Monga mwa masiku onse, galimoto inkayenera kuima pakhomo pa Barrett kuti imutenge. Malinga ndi zimene Gilmour adafotokoza pambuyo pake, wina m'galimotomo adafunsa ngati amutenge, ndipo wina adayankha kuti angomusiya. Galimoto idadutsa osaima. Padalibe msonkhano kapena kalata, ndipo palibe amene adakhala naye pansi kumuuza. Wright, amene ankakhala naye nyumba imodzi, adasimba kuti masiku otsatirawo ankamuuza kuti akupita kukagula fodya, chonsecho akupita kukaimba, ndipo ankabwerako patapita maola ambiri. Mu Epulo chaka chomwecho ndi pamene zidalengezedwa kuti Barrett sali m'gululo.

Sindikufuna kuti tiwaponye miyala anyamata amenewa. Adali a zaka zongopitirira pang'ono 20, adali atasainira mapangano oti akaimbe, ndipo mnzawoyo sankathanso ntchito. Gulu lililonse, ngakhale kwaya yathu, limafika pena poona kuti uje sangapitirize udindo wake. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi ndi chete ameneyo. Kumuchotsa munthu pa udindo ndi chinthu china, kumuchotsa pakati pa anthu ndi chinthu chinanso, ndipo kawirikawiri timachita chachiwirichi pamene tikudziuza kuti tachita choyambacho. Komabe Barrett ankaona zimene zinkachitika. Nyimbo yake yomaliza kutuluka ndi gululo, "Jugband Blues", adaipeka asanamusiye, ndipo m'menemo amalankhula ngati munthu amene akudziwa kuti anzake amuyesa kale kuti palibe. Akuluakulu adati wamisala adaona nkhondo. Amene timaganiza kuti sakumva kanthu, nthawi zambiri amamva zonse.

Popanda iye, Pink Floyd idakula kuposa kale. Idakhala limodzi mwa magulu akuluakulu a nyimbo zimene eni ake amazitcha progressive rock, zimene nyimbo imodzi imatha kutenga mphindi 20, ndipo chimbale chonse chimaluka mutu umodzi ngati ulaliki. Chimbale chawo cha mu 1973, The Dark Side of the Moon, chimakamba za nthawi, ndalama, imfa ndi misala, ndipo chidakhala pa mndandanda wa zimbale zogulidwa kwambiri ku America zaka zoposa 14. Ine nyimbo zimenezi ndidazimva koyamba ndili ku seminale, pa makaseti a wansembe wina wachikulire wochokera ku Ulaya amene ankatiphunzitsa. Iye ankakonda kunena kuti munthu akhoza kuphunzira zambiri za chikumbumtima pomvetsera anthu olemera amene akulephera kugona. Ndidamvetsa tanthauzo lake nditadziwa zimene zidachitika mu 1975.

Mu Juni chaka chimenecho gululo lidali ku Abbey Road, likumalizitsa nyimbo yaitali ya zigawo zisanu ndi zinayi, "Shine On You Crazy Diamond", imene lidapekera Barrett. Mudalowa munthu wonenepa, wometa mpala, atameta ndi nsidze zomwe, atanyamula kathumba, nakhala pansi. Aliyense ankayesa kuti ndi mlendo wa mnzake kapena wantchito wa pamalopo. Padapita nthawi ndithu asanazindikire kuti adali Barrett. Amene adalipo amasimba kuti Waters adalira. Mlendoyo adakhalapo pang'ono, kenaka adachoka osatsazika, ndipo ambiri mwa iwo sadamuonenso mpaka imfa yake. Chimbalecho chidatuluka mu Seputembala, dzina lake Wish You Were Here, mawu olakalaka munthu amene palibe.

Taganizani bwino, abale anga. Anthu anayi ali kalikiliki kukonza nyimbo yolira mnzawo, mnzawoyo wakhala pampando m'chipinda chomwecho, ndipo sakumudziwa. Nkhaniyi imandikumbutsa ana a Yakobe m'buku la Genesis mutu 42, amene adaima pamaso pa Yosefe ku Ejipito osamuzindikira, pamene iye adawazindikira. Imandikumbutsanso mutu 25 wa Mthenga Wabwino wolembedwa ndi Mateyo, pamene anthu a ku dzanja lamanzere akudabwa, nafunsa kuti adamuona liti Ambuye ali ndi njala kapena akudwala. Anthu amenewo sakunama ayi. Sadamuonedi, pakuti ankayembekeza nkhope ina. Ife timaimba mokoma za amphawi ndi odwala, timawatchula m'mapemphero a mpingo, koma tikatuluka m'tchalitchi timamulambalala mnyamata wa tsitsi losapesa amene wakhala pansi pa mtengo pafupi ndi chipata, amene zaka zitatu zapitazo ankatumikira nawo pa guwa. Nkosavuta kukonda munthu monga tidamudziwira kale. Munthu monga alili lero amafuna nthawi yathu, ndipo nthawi zina amatichititsa manyazi.

Tiyenera kunena zoona zonse za anzake aja. Gilmour ndi Waters adamuthandiza Barrett kujambula chimbale chake chayekha, The Madcap Laughs, ndipo Gilmour ndi Wright adamuthandizanso pa chachiwiri. Zonse ziwiri zidatuluka mu 1970. Kwa zaka zonse zotsatira Gilmour ankaonetsetsa kuti ndalama za nyimbo zimene Barrett adapeka zikumufika. Ichi ndi chilungamo, ndipo si chinthu chochepa. Koma amene adasenza mtolo wa tsiku ndi tsiku ndi ena. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Barrett adachoka ku London wapansi, ulendo wa makilomita pafupifupi 80, kubwerera kunyumba ya amayi ake ku Cambridge. Amayiwo adamulandira, ndipo atamwalira mu 1991, mlongo wake ndiye adapitiriza kumuyang'anira. Adabwerera ku dzina lake la Roger, ankajambula zithunzi, ankalima maluwa, ankakwera njinga kupita kukagula zofunika, ndipo sankafuna kukumbutsidwa za masiku a kutchuka. Mlongo wakeyo ankakana ndithu kuti anthu azimutcha wamisala. Amayi awiriwa palibe amene adawapekera nyimbo ya mphindi 26, koma ndikawerenga mutu 2 wa Marko, za anthu anayi amene adasasula denga kuti atsitse mnzawo wofa ziwalo pamaso pa Yezu, ndimaganiza za iwo. Mlaliki akutiuza kuti Yezu adaona chikhulupiriro cha onyamulawo. Wodwalayo sadanene kanthu.

Pali bodza limodzi limene ndikufuna kuti tilichotse, pakuti ndimalimva ngakhale pakati pa achinyamata athu oimba. Bodzalo ndi lakuti chamba ndi mankhwala ena amatsekula mutu, ndipo luso limabwera bwino munthu akazunguzika. Onani zaka za Barrett. Chimbale chake chomaliza cha nyimbo zatsopano chidatuluka ali ndi zaka 24. Mu 1974 adamubwezera ku Abbey Road kuti ayesenso, koma masiku angapo adatha popanda nyimbo yomalizidwa. Adakhala ndi moyo zaka zina zoposa 30 osatulutsanso nyimbo. Luso adali nalo asanayambe mankhwala, pakuti lidali mphatso ya Mulungu, ndipo mankhwalawo sadaonjezepo kanthu kokhalitsa. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2291, amaphunzitsa kuti mankhwala ozunguza bongo amaononga kwambiri thanzi ndi moyo wa munthu, ndipo kuwagwiritsa ntchito popanda chifukwa cha chipatala ndi kulakwa kwakukulu. Mpingo sunena zimenezi pofuna kutilanda chisangalalo. Waika maliro ambiri a ana ake.

Tsono chiphunzitso chomwecho sichitipatsa ufulu wotaya amene wagwa. Pano pathu munthu akayamba kulankhula yekha, timafulumira kunena kuti wasuta, kapena kuti amulodza, kapena kuti adakhwimira chuma ndiye zamubwerera. Tikapeza chifukwa, mtima umakhala pansi, ndipo timaona ngati udindo wathu watha. Mwambo wa Mpingo wathu ndi wosiyana. Yohane Woyera wa Mulungu, amene adamwalira mu 1550, iye mwini adatsekeredwapo m'chipatala cha odwala misala ku Granada, nalawa nkhanza zimene odwalawo ankachitiridwa, ndipo atatuluka adapereka moyo wake wonse kusamala odwala. Chipani chimene chimadziwika ndi dzina lake chikuthandiza odwala maganizo ndi ofuna kusiya mowa ndi mankhwala ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Ku Geel, m'dziko la Belgium, kumene amalemekeza Dymphna Woyera, mabanja akhala akulandira odwala maganizo m'nyumba zawo kwa zaka mazana ambiri, kudya nawo ndi kugwira nawo ntchito. Matenda a maganizo ndi matenda, ndipo ali ndi chithandizo. Kupemphera ndi kupita kuchipatala sizilimbana.

Pa 2 Julayi 2005, Waters, amene adachoka m'gululo mu 1985 atakangana kwambiri ndi anzake, adaimanso nawo pa nsanja imodzi ku Hyde Park mu London, pa chiimbo chachikulu cha Live 8 chopempha mayiko olemera kuti akhululuke ngongole za mayiko osauka. Asanaimbe nyimbo ya "Wish You Were Here", adatchula dzina la Syd. Patangotha chaka, pa 7 Julayi 2006, Barrett adamwalira ndi khansa ku Cambridge ali ndi zaka 60. Wright naye adatsatira mu 2008. Anthu anayiwo sadaimbenso onse pamodzi.

Pempho langa sabata ino ndi laling'ono. Pa msonkhano wanu wa achinyamata, wa kwaya kapena wa mphakati, tengani kaundula wa zaka ziwiri zapitazo, muwerenge mayina mokweza. Pa dzina lililonse la munthu amene sakubweranso, funsanani kuti ali kuti, ndipo adamuona komaliza ndani. Ena adasamuka, ena adakwatiwa kutali, ndipo za iwo tithokoze Mulungu. Koma mupeza mmodzi kapena awiri amene ali m'mudzi momwe muno, amene tonse tidangoleka kuwadzera. Mutume anthu awiri apite. Asapite ndi ulaliki. Akapereke moni, akhale pansi, amutchule dzina lake, ndipo ngati aona kuti akufunika chithandizo, akambe ndi makolo ake ndi abambo mfumu. Mwina akakana kukulandirani, monga Barrett ankakanira alendo, ndipo ufulu umenewo ndi wake. Koma adziwa kuti wina adaima pakhomo pake. Mnzako akapsa ndevu mzimire, mawa adzazima zako.

Tipemphere. Ambuye Yezu, inu mudafunafuna munthu amene ankakhala kumanda ku dera la Agerasa, ndipo mudamubwezera kwa abale ake. Tsekulani maso athu kuti tikuzindikireni mwa anzathu amene nkhope zawo zasintha. Limbitsani amayi, alongo ndi onse amene akusamala odwala maganizo popanda wowayamika. Mzimu wa Roger Barrett ndi mizimu ya onse amene adatisiya iuse mu mtendere. Amen.

Mulungu akudalitseni nonse, tidzakumanenso sabata yamawa.