Mwana Wofatsa Uja Ndani Adzamuona?

Amayi anzanga amene mukulera ana kuno ku America, lero tikambirane za ana awiri. Wina ndi uja amamaliza samu anzake asanasongole n'komwe pensulo, kenaka n'kuyamba kusowetsa mtendere amene wayandikana naye. Winayo amamaliza msanga chimodzimodzi, koma amangopinda manja n'kukhala chete. Woyambayo amabwera ndi kalata yonena kuti ndi wosamva, ndipo inu mumamukalipira. Wachiwiriyo salandira kalata iliyonse. Onse awiri mwina ali ndi njala imodzi, njala ya maphunziro olimbirapo kuposa amene akupatsidwa.

Sukulu zambiri za boma za kuno zili ndi dongosolo la ana amene amawatcha gifted, kutanthauza ana a mphatso yapadera ya nzeru. Kwina amawatenga m'kalasi maola angapo pa sabata kuti akaphunzire zozama ndi mphunzitsi wina, kwina amawalola kuchita samu za kalasi yapatsogolo, ndipo kwina amawasonkhanitsa m'kalasi yawoyawo. Palibe lamulo la dziko lonse lokakamiza zimenezi. Chigawo chilichonse chimadziikira malamulo ake, motero zimene mwana angalandire ku Texas n'zosiyana ndi za ku Indiana.

Nanga mwana amalowamo bwanji? M'madera ambiri sayesedwa pokhapokha mphunzitsi kapena kholo litamutchula dzina. Apa m'pamene ife tiyenera kutchera khutu. Kwathu tinaleredwa kuti mwana waulemu sayang'ana wamkulu m'maso, salankhula asanafunsidwe, ndipo sadzionetsera. Kholo nalo silipita kusukulu kukauza aphunzitsi ntchito yawo. Makhalidwe amenewa ndi okoma, ndipo ine sindidzawanyoza. Komatu maso a mphunzitsi wotanganidwa amagwera pa mwana amene wakweza mkono, wolankhula Chingerezi chosalala, amene mayi wake anabwera kale kudzamunenerera. Wathu wofatsa uja, makamaka akakhala wamkazi, amangotamandidwa kuti savuta, nkhani n'kuthera pomwepo.

Taonani zimene zinachitika m'boma la Broward, ku Florida, kumene kuli mzinda wa Fort Lauderdale. M'chaka cha 2005 akuluakulu a sukulu za kumeneko analeka kudalira mayina operekedwa ndi aphunzitsi ndi makolo okha. Anayamba kuyesa mwana aliyense wa kalasi yachiwiri, ndi mayeso a zithunzi ndi maonekedwe a zinthu, osafuna kudziwa mawu ambiri a Chingerezi. Amene akhoza bwino ankatumizidwa kwa katswiri kuti awayesenso mozama. Akatswiri a zachuma awiri, David Card ndi Laura Giuliano, anafufuza zotsatira zake n'kuzifalitsa mu 2016. Pakati pa ana ochokera m'mabanja a ku Latin America, opezeka ndi mphatso anachoka pa 2 kufika pa 6 mwa ana 100 alionse. Pakati pa ana akuda anachoka pa mmodzi kufika pa 3. Ana amenewa sanachokere kutali ayi. Anali m'makalasi omwewo, pamipando yomweyo, chikhalirecho popanda wowatchula dzina.

Chomvetsa chisoni n'chakuti ndalama zitavuta, kuyesa ana onse kuja kunaimitsidwa mu 2010, ndipo chiwerengero cha ana akuda ndi a ku Latin America opezeka ndi mphatso chinatsikanso. Ine nkhani imeneyi imandiwawa mumtima, pakuti ikuonetsa kuti tsogolo la mwana likhoza kudalira chaka chimene analowa kalasi yachiwiri.

Mnzanga wina amene timapemphera limodzi ali ndi mtsikana amene ankawerengera ang'ono ake mabuku asanayambe n'komwe sukulu. Pamisonkhano ya makolo mphunzitsi ankangoti mwanayu ndi wabwino, ndipo mayiyo ankathokoza n'kubwerera kunyumba. Nditamuuza kuti alembe kalata yopempha kuti mwanayo ayesedwe, anandiyankha kuti akuopa kuoneka wodzikuza m'dziko la eni. Ndinamumvetsa, poti mlendo amayenda mosamala. Koma akuluakulu anati safunsa anadya phula. Patapita miyezi analemba, ndipo lero mtsikanayo amachita samu ndi ana a kalasi yapatsogolo.

Sindikunena kuti mwana aliyense wochenjera ayenera kupatsidwa dzina limeneli, kapena kuti wosalipeza ndi wopanda pake. Mayeso amaona mbali imodzi chabe ya munthu, ndipo ndaonapo makolo ena akusenzetsa mwana dzinali ngati mtolo wa nkhuni. Koma mwana amene amakhala zaka zisanu akudikira anzake amaphunzira ulesi, ndipo tsiku limene adzakumane ndi phunziro lovuta sadzadziwa kulimbikira.

Tsono mukadzapita ku msonkhano wa makolo, funsani mwaulemu ngati sukuluyo imayesa ana onse kapena otchulidwa okha, ndiponso m'kalasi iti. Ngati ndi otchulidwa okha, funsani ngati kholo lingathe kupempha, ndipo pempho lanu likhale lolemba, lokhala ndi deti, musunge kope lake. Ngati mwana wanu amalankhula Chichewa kunyumba, nenani zimenezo poyera, mufunsenso ngati ali ndi mayeso osadalira Chingerezi. Chingerezi chikamakuvutani inuyo, pemphani womasulira, kapena mutengane ndi mnzanu amene anakhalitsa kuno.