KUKWERA PHIRI LA MULANJE NDI CIKWAMA KUMSANA

Inu amene mumapita ku Chipata kukagula mbeu kapena kukaona odwala mwawaonapo anthu awa pa siteshoni ya mabasi: anyamata ndi atsikana ocokera ku maiko a kutsidya kwa nyanja, atabereka zikwama zazikulu kumsana monga mai aberekera mwana. Ambiri a ife timayesa kuti ndi anthu a cuma. Koma mukakhala nao mpando umodzi m'basi mudzaona kuti naonso amawerenga ngwee iri yonse. Amagona m'zipinda za mabedi ambiri pamodzi ndi alendo anzao, amadziphikira okha, ndipo pamene mlendo wolemera aitana galimoto, iwo amayenda pansi.

Mayendedwe otere sali a Azungu okha ai. Mphunzitsi amene ali pa chuti, mlimi amene wagulitsa nshawa zake, ngakhale mnyamata amene watsiriza sukulu, onsewa angathe kuona dziko lina m'njira yomweyi. Paja akulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. M'nkhani ino tifotokoza za masiku oyamba a ulendo wa ife anthu atatu a kuno kum'mawa. Tinali kulinga ku nyanja ya mcere ku Quelimane, m'dziko la Mozambique, koma tinapangana kuti tiyambe takwera phiri la Mulanje ku Malawi, pakuti njira yathu inali kudzera patsinde pake.

KUDUTSA MALIRE

Kucokera pa Chipata kufika pa malire a Mwami ndi pafupi, ulendo wosakwana ora limodzi pa galimoto. Mu December 2022 atsogoleri a maiko awiriwa, a Hakainde Hichilema ndi a Lazarus Chakwera, anatsegula cipata catsopano pamenepa, kotero kuti wolowa m'Malawi amaonetsa pasipoti yake kwa akuluakulu a maiko onse awiri m'nyumba imodzi. Mzika ya Zambia sifunika viza. Ndalama ya ku Malawi nayonso dzina lake ndi kwacha, koma mphamvu zake ndi zosiyana ndi yathu: kwacha imodzi ya kuno imagula makwacha a kumeneko makumi angapo. Motero musadabwe kumva mtengo wa nsima ukuchulidwa m'masauzande. Sinthani ndalama ku banki kapena ku nyumba zololedwa ndi boma, pakuti osintha a m'mbali mwa mseu ali ndi manja ofulumira kupambana maso a mlendo.

Tsidya lija munthu wa ku Katete kapena ku Chadiza saona cilendo. Cinenero ndi cathu comwe, ndipo Acewa a ku Mchinji ndi omwe aja timakumana nao ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Kusiyana kuli pa mau ocepa cabe: nshawa iwo amati mtedza, kandolo amati mbatata, ndipo m'malo mwa kapenta amadya usipa wa ku nyanja yao.

Tinagona usiku umodzi mu Lilongwe, m'nyumba ya alendo ya mtengo wocepa pafupi ndi msika, ndipo m'mamawa tinakwera basi ya ku Blantyre, mtunda wopitirira makilomita 300. Pakati pa Dedza ndi Ntcheu mseu umatsata malire eni eni, dzanja lamanzere Malawi, dzanja lamanja Mozambique. Pa Lizulu amai amabweretsa kabici, anyezi, tomato ndi mbatata za kacewere pa mazenera a basi, ndipo woyenda wanzeru amagula ndiwo zake za kuphiri pamenepa. Titaoloka mtsinje wa Shire pa Zalewa tinafika mu Blantyre dzuwa litapendeka. M'mawa mwake tinakwera minibasi pa Limbe, kudzera m'minda ya tiyi ya ku Thyolo, mpaka pa Chitakale.

PATSINDE PA PHIRI

Munthu amene anakulira pansi pa Kanjala ku Chipata kapena Mphangwe ku Katete amayesa kuti phiri alidziwa. Mulanje ndi cinthu cina. Limatuluka m'cigwa mwadzidzidzi monga cipupa ca mwala, ndipo mitambo imakhala m'ciuno mwake, nsonga ziri pamwamba pa mitambo. Nsonga yake yaitali, Sapitwa, iri mamita 3,002 pamwamba pa nyanja ya mcere, pamene mapiri a Mafinga, amene ali atali koposa onse m'Zambia, sakwana mamita 2,400. Pamwamba pake pali zigwa za udzu, nkhalango ndi mitsinje, malo aakulu oti munthu angayendemo sabata lathunthu osabwerera m'mapazi mwake. Mitsinje ya Ruo, Thuchila, Lichenya ndi Likhubula imacokera kumeneko, ndiyo imamwetsa midzi ya Amang'anja, Alhomwe ndi Ayao ndi minda ya tiyi imene inayamba kulimidwa kuno m'zaka za m'ma 1890. Boma la atsamunda linaika phirili kukhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, ndipo mu 2025 bungwe la UNESCO linalilemba pa mndandanda wa malo a colowa ca dziko lonse lapansi, makamaka cifukwa ca miyambo ya anthu amene amaliyesa mudzi wa mizimu ya makolo ao.

Khomo lodziwika la okwera phiri liri pa Likhubula, makilomita ngati 10 kucokera pa Chitakale. Pamenepo pali ofesi ya za nkhalango kumene mlendo amalembetsa dzina, kulipira yolowera ndi yogonera, ndi kupeza womtsogolera. Atsogoleri ndi amtengatenga ali ndi bungwe lao, ndipo malipiro ao amawerengedwa pa tsiku. Ife sitinalembe wamtengatenga, pakuti ali yense anasenza zake: ufa, kapenta wa kwathu, nshawa zokazinga, mcere, shuga, masamba a tiyi, poto mmodzi, macisa, tochi, juzi, cobvala ca mvula ndi gombeza. Koma mtsogoleri tinamlemba, ndipo malipiro ake a masiku anai ndiwo anali ndalama yaikulu koposa zonse zimene tinaononga pa phiri. Mmodzi wa ife anadandaula kuti ndalamayo ikanatigoneka masiku angapo ku Quelimane. Cifukwa cake tinaitulutsabe mudzacimva kutsogoloku.

USIKU PA CHAMBE

Njira ya ku Chambe imatenga maora atatu kapena anai, ndipo pafupifupi yonse ndi citunda. Poyamba mumadutsa amai otsika ndi mitolo ya nkhuni pamutu, ena opanda nsapato, akuyenda pa miyala yoterera monga ali pabwalo la nyumba. Kenaka mitengo imacepa, mphepo imayamba kuzizira, ndipo cikwama cimene cinali copepuka pa Likhubula cimasanduka thumba la cimanga. Apa ndi pamene munthu amazindikira kuti nsapato ziwiri, wailesi ndi zobvala za ku chalichi sizinafunike. Kudzanja lamanzere kumaoneka thanthwe la Chambe, limene mbali yake ya kumadzulo ndi yaitali mamita ngati 1,700, ndipo akatswiri okwera ndi zingwe amabwera kucokera kutali kudzaliyesa.

Pa phiri pali tinyumba togona alendo pafupifupi khumi, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani ndi Chisepo. Pa kanyumba kali konse pamakhala mlonda amene amatunga madzi ndi kusonkha moto. Magetsi mulibe, sitolo palibe, ndipo cimene simunanyamule simudzacipeza. Tinaphika nsima pa moto wa m'nyumba, tinadya pamodzi ndi mtsogoleri ndi mlonda, ndi alendo awiri a ku Germany amene anali kuphunzira kutema mbamu ndi dzanja. Iwo anatipatsa tiyi wao, ife tinawapatsa nshawa. Pa malo otere olemera ndi osauka amagona pansi pamodzi, ndipo wa gombeza lokhuthala ndiye mfumu, pakuti m'miyezi ya June ndi July cisanu cimagwa usiku mpaka udzu kuyera.

Pa motopo mlonda anatisimbira zimene akulu a kumeneko amakamba: kuti munthu angapeze cakudya cokonzeka m'chire popanda mwini wake, nthoci zakupsa kapena nsima yotentha, ndipo akacipeza adye yekha pomwepo, osaitana mnzake, osatengako kupita naco kumudzi. Amakambanso za Dziwe la Nkhalamba, dziwe lozizira pansi pa mathithi a Likhubula, kumene kale anthu ankathira nsembe. Kaya munthu akhulupirira kaya sakhulupirira, mlendo sayenera kuseka zimenezi pamaso pa eni ake.

SAPITWA

Dzina lakuti Sapitwa anthu amalimasulira kuti malo osapitidwa. Oyenda ambiri amafikako caka ndi caka, koma dzinali liri ndi cifukwa. M'nyengo yozizira kumabwera mphepo ya mvumbi yochedwa chiperoni, imene inatenga dzina ku phiri la Chiperone ku Mozambique kumene imacokera. Kumwamba kungakhale koyera pa kadzutsa, koma pasanathe ora nkhungu imatseka pali ponse kotero kuti munthu saona mnzake amene ali mapazi khumi patsogolo. Pa thanthwe palibe mapazi a anthu oti muwatsate, ndipo mwala wonyowa umaterera ngati sopo.

Mu 2003 mtsikana wina wa ku Holland anakwera yekha kulinga ku Sapitwa, ndipo ofunafuna sanampeze. Mu July 2009 mnyamata wa ku Brazil, wophunzira kwambiri za cuma, amene anali atayenda maiko ambiri ndi cikwama kumsana pafupifupi caka cathunthu, anasiya mtsogoleri wake m'munsi kuti afulumire yekha ku nsonga. Nkhungu inamtsekera njira. Mtembo wake unapezeka mu August, patapita masabata oposa awiri, ndipo cinamupha ndi kuzizira. Mu 2017 anzake a ku Brazil anapanga filimu ya ulendo wake. Sanali mwana pa zoyenda, ndiponso sanali wofooka. Anali ndi cangu, ndipo anabvala zopepuka.

Ife tinafika pa kanyumba ka Chisepo, patsinde pa Sapitwa, tsiku laciwiri masana. M'mawa mwa tsiku lacitatu tinadzuka titamanga kale nsapato, koma mtsogoleri anaima pakhomo, anayang'ana kum'mwera cakum'mawa nthawi yaitali, ndipo anati, "Acimwene, lero phiri latseka. Tikhale." Kumwamba kunali kuoneka bwino m'maso mwathu, ndipo kukhala kunatanthauza ufa wa tsiku lina ndi malipiro a tsiku lina, pa thumba limene linali ndi ulendo wautali patsogolo. Tinamfunsa ngati sitingayese. Iye anangoti, "Mwandilipira kuti ndikutsitseni amoyo." Isanakwane 10 koloko nkhungu inali itafika pakhomo, ndipo mvumbi unagwa mpaka madzulo.

Tsiku lotsatira kunaca koyera. Kukwera kunatenga maora oposa atatu, pena kukwawa ndi manja pa matanthwe, pena kulowa m'mipata ya pansi pa miyala yaikulu ngati nyumba, pena kupyola m'timitengo tatifupi tokutidwa ndi ndere. M'malo ambiri sitikanadziwa tokha kuti njira yakhota. Pa nsonga pali cipilala ca simenti, ndipo pamenepo munthu amaona nyanja ya Chilwa kumpoto, mapiri a Mozambique kum'mawa, ndi minda ya tiyi pansi ngati mphasa zobiriwira. Sitinakhalitse, pakuti mphepo inali kuluma makutu.

MTENGO UMENE UKUTHA

Potsika tinaona zitsa zambiri zakuda ndi moto. Ndi za mkungudza wa Mulanje, mtengo wonunkhira umene ciswe siciudya, ndipo m'cilengedwe sumera kwina kuli konse koma pa phiri ili. Mu 1984 unalengezedwa kukhala mtengo wa dziko la Malawi, koma oceka matabwa mobisa ndi moto wa m'chire anaumaliza, kotero kuti ofufuza a mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Kucokera pamenepo bungwe la Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi anthu a m'midzi abzala mbande zambirimbiri, koma mkungudza umakula pang'onopang'ono, ndipo amene akubzala lero sadzaona matabwa ake. Ife amene tinaona mukula ukutuluka m'nkhalango zathu pa malole tikudziwa m'mene zimenezi zimayambira. M'mbali mwa phiri muli zipsera zina za matope ndi miyala imene inagumuka pa namondwe wa Freddy mu March 2023, pamene midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe inakwiririka ndipo anthu mazanamazana anafa m'dziko la Malawi. Mlendo wa cikwama asagule bokosi kapena cosema ca mkungudza, ngakhale mtengo wake utsike motani.

Tinabwerera pa Likhubula tsiku lacisanu, miyendo ikunjenjemera, zikwama zitapepuka. Titawerenga ndalama tinapeza kuti tsiku lija la nkhungu latidyera gawo la ndalama za ku nyanja, motero tinapangana kuti ku Mozambique tidzadziphikira ndithu m'malo modya m'nyumba zodyera. Pa Chitakale tinagula zinanazi, zimene kumeneko ndi zochipa, ndi kukwera minibasi ya ku malire a Muloza.

Kwa inu amene mufuna kuyesa ulendo wotere, nthawi yabwino ndi pamene mvula yatha, kuyambira May mpaka October, mutakolola ndi kugulitsa. Pitani awiri kapena atatu kuti mugawane malipiro a mtsogoleri, ndipo gwirizanani naye za masiku ndi za cakudya cake musananyamuke. Nyamulani ufa wa tsiku limodzi loonjezera. Mungaumire pa bedi, pa ndiwo ndi pa galimoto, ndipo palibe cimene cidzakucitikirani. Koma pa gombeza ndi pa munthu wodziwa njira musaumire ai. Akakuuzani kuti lero phiri latseka, khalani pansi, sonkhani moto, mudikire mawa.