Diski nayo ili na NRC yake

Ngati kompyuta inakukanilamponi kuyaka pa tsiku limene kasitoma abwela kutenga mapikica a ukwati wake, mudziwa thukuta limene nikamba. Ine linanigwila pa Cisanu cina, m'kashopu kanga kojambula ku Chilenje.

Kompyuta yanga ni nkhalamba. Mwana wa mlongo wanga anaikamo Ubuntu, mtundu wa Linux, cifukwa ni yaulele ndipo siilemetsa makina akale. Mapikica onse a makasitoma, a kitchen party, a matebeto, a graduation, nimasunga pa diski ya kunja yolumikiza na USB. Imwe amene munazolowela Windows mudziwa C: na D:. Ku Linux kulibe zimenezo. Diski iliyonse, kapena cigawo cake, imamangililidwa ku foda, ndipo eni ake amati ni ku mount. Mukatsegula fodayo, mwalowa m'diski.

Kuti nisamavutike kuimangilila m'mawa uliwonse, mnyamata uja analemba mzele umodzi m'kafayilo kochedwa /etc/fstab. Kafayilo aka kompyuta imakawelenga ikamayaka, kuti idziwe diski iti ipite ku foda iti. Analemba kuti /dev/sdb1 izipita ku /mnt/mapikica. Kwa miyezi zinayenda bwino, mpaka n'naiwala kuti kuli cinthu cotelo.

Tsiku lija malaiti anapita usiku, kompyuta n'kuzima. M'mawa nayatsa, palibe Ubuntu, palibe mapikica. Skilini yakuda cabe, tumalemba toyela, na mau akuti emergency mode. Amai a mkwatibwi anali atanena kuti afika 14 hours, ndipo ndalama anali atalipila kale zonse. Ukwati subwelezedwa, mwandi. Sungauze anthu kuti valaninso masuti tijambulenso.

N'natuma foni manja akunjenjemela. Mnyamata anangofunsa kuti, "Ba uncle, kuli flash iliyonse yamene mwasiya ku kompyuta?" Inalipo. Ya kasitoma wina amene anabwela kupulinta ma CV madzulo. "Icoseni, muyatsenso." N'nacotsa, ndipo makina anayaka monga palibe cinacitika.

Atabwela madzulo ananifotokozela, ndipo apa ndiye pamene nifuna mumvetsetse. Dzina lija sdb si dzina la diski. Ni malo pa mzele cabe. Diski imene kompyuta yayamba kuona imakhala sda, yaciwili sdb, yacitatu sdc, monga anthu pa mzele wa pa banki. Tsiku lija ka flash kanadumpha mzele, kanatenga sdb, diski yanga n'kukhala sdc. Kompyuta inapita pa sdb kufuna diski ya mtundu wa ext4 monga fstab inanenela, inapeza flash ya FAT32, ndipo inaima pamenepo. Siinalakwe. Inatumidwa kwa munthu waciwili pa mzele, osati kwa munthu wa dzina lakuti.

Mankhwala ake ni UUID, nambala yaitali ya zilembo na manambala 32 imene diski ya ext4 imapatsidwa poifomata. Ili monga NRC: mukhale kutsogolo kapena kumbuyo kwa mzele, nambala ni imeneyo. Analemba sudo blkid, nambala inaoneka, anaikopa n'kuika pamene panali /dev/sdb1. Zina zonse pa mzele zinatsala: foda, ext4, defaults, na tumanambala tuwili twa kumapeto, 0 na 2. Ka 2 ndiye kamauza makina kuti ayang'ane diski imeneyo ngati ili bwino akatsiliza diski yaikulu. Kumbukilani cabe kuti mukafomata diski, UUID nayo isintha, mzele uja ufunika kukonzanso.

Cimene n'nakonda ni cakuti asanagwile kafayilo anayamba wakopa kena n'kusunga pambali, ndipo atatsiliza sanathamangile kuzima kompyuta. Analemba sudo mount -a kuti aone ngati mzele uli bwino makina akali moyo. Cilembo cimodzi colakwika mu fstab cikhoza kukubwezani ku skilini yakuda ija.

Anaonjezanso mau akuti nofail pambali pa defaults, cifukwa nthawi zina diski nimapita nayo kunyumba. Popanda mau amenewo, kompyuta imadikila masekondi 90 kufuna diski imene kulibe, kenako emergency mode. Na nofail imangoyaka.

Manje nofail nayo ili na msampha, ndipo n'nagwamo nekha. Tsiku lina n'naiwala diski kunyumba, kompyuta inayaka bwinobwino, ine n'kuthila mapikica a graduation mu /mnt/mapikica osayang'ana. Foda ilipo ndithu ngakhale diski palibe, ndiye mapikica anapita pa diski ya mkati. Mawa lake n'talumikiza diski, anasowa onse. Mtima unacita phwii kaciwili. Sanafufutike, anangophimbika: diski ikamangililidwa pa foda, zimene zinali mkati zimabisika pansi. Titaicotsa na umount, onse anaonekela, tinawasamutsa.

Amai a mkwatibwi aja anafika 15 hours, anatenga mapikica ao, n'kudandaula cabe kuti pa imodzi anatseka maso. Pa cipupa pamwamba pa kompyuta n'namatapo kapepala: yang'ana m'foda usanathile. Ya CV ija mwini wake sanabwele kutenga mpaka lelo, ili mu dilowa.