Ndinabwerako ndi Zolembera Zinayi

Sabata yatha mng'ono wanga anandiimbira pa foni ya amayi. Ali Fomu 2, ndipo aphunzitsi awauza kuti teremu ino kubwera anthu a m'mayunivesite ndi m'makoleji kudzaonetsa maphunziro awo ku holo ya paboma. Funso lake linali limodzi: "Achemwali, ndivale yunifomu kapena diresi lija munandisiyira?" Ndinaseka, koma nditadula foni kuseka kunandithera. Inenso mu 2022, usiku woti mawa tikupita ku chionetsero chonga chomwechi, nkhawa yanga inali pa nsapato. Ndinazipolisha kawiri. Sindinaganizeko n'komwe za chimene ndikukafunsa.

Ndinali Fomu 4 pa CDSS ina kwathu ku Ntcheu. Ahedi analengeza pa asembule kuti aliyense wofuna kupita asonkhe ya thiransipoti. Amayi anagulitsa ndowa ya mbatata ya kachewere n'kundipatsa ndalamayo, akuti: "Ukamve bwino za unamwino, ukatiuze." Kunyumba nkhani inali itatha kale. Ine ndidzakhala namwino. Mudzi wonse unkadziwa, ngakhale agogo ankanditchula kuti anesi ndikamawapatsa panado.

Tinakwera lole m'mamawa, tinafika titatuwa ndi fumbi. M'holo munali matebulo m'mbali monse, lililonse ndi nsalu yake, chikwangwani chake, ndi mulu wa timapepala tonyezimira tokhala ndi zithunzi za anthu ovala magauni. Munalinso ana a sukulu zogonera konko, ovala majekete, olankhula Chingerezi mosaganizira kawiri. Ife tinangounjikana pakhomo ngati nkhuku zachilendo.

Mayina enieniwo anatisokoneza. Chaka chapitacho, mu 2021, University of Malawi inali itagawidwa. Poly ya ku Blantyre inasanduka MUBAS, College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala KUHeS, ndipo Chancellor College ya ku Zomba ndiyo inatsala ndi dzina la UNIMA. Kwathu anthu ankanenabe kuti Poly, Chanco, KCN. Mnzanga wina anakakamira tsiku lonse kuti MUBAS ndi MUST ndi sukulu imodzi, pamene MUST ili ku Thyolo. LUANAR tinkangoidziwa kuti Bunda. MZUNI yokha ndiyo sinativute.

Poti tinalibe chofunsa, tinayamba mpikisano wotolera zinthu. Ukafika patebulo, upereke moni, umwetulire, utenge kapepala, ndipo ngati pali cholembera utengenso. Pofika masana ndinali ndi zolembera zinayi, kalendala imodzi ndi mapepala odzaza jumbo. Ndinkadziona wochenjera.

Kenako ndinaima pamzere wa tebulo la sukulu ina yophunzitsa zaumoyo. Unali mzere wautali kuposa yonse. Nthawi yanga itakwana, bambo amene anali pamenepo anandifunsa mwaulemu: "Mukulemba maphunziro ati chaka chino?" Ndinatchula Chingerezi, Chichewa, Masamu, Biology, History, Geography, Agriculture ndi Bible Knowledge.

"Nanga Chemistry ndi Physics?"

"Ndinasiya polowa Fomu 3."

Sanandidzudzule. Anangotembenuza pepala n'kundilozera ndi chala mzere wa zofunika kuti munthu alowe. Panalembedwa kuti makirediti asanu ndi imodzi, ndipo mwa amenewo pakhale Chingerezi, Masamu, Biology, Chemistry ndi Physics. Ndinawerenga katatu ngati mwina mawuwo asintha. Mayeso a MSCE anali atatsala miyezi yochepa, kalembera wa MANEB atatsekedwa kale. Unamwino wa agogo uja unathera pamenepo, pa mzere umodzi wa pepala.

Chowawa n'chakuti maphunziro awiriwo sindinawasiye chifukwa cha ulesi. Ndinkaganiza kuti ndikuchita mwanzeru. Tonse tinkadziwa kawerengedwe ka mapointi: giredi 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi kirediti, 7 ndi 8 ndi pasi, 9 walephera. Amaphatikiza maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino, ndipo nambala ikachepa ndiye kuti zili bwino. Wa mapointi 6 ndi katswiri, wa makirediti okhaokha a 6 ali ndi 36. Choncho akuluakulu a Fomu 4 ankatilangiza kuti tisiye chilichonse chimene chingatikwezere mapointi. Pasukulu pathu panalibe labu, Chemistry tinkaphunzira ndi zojambula za pabolodi, ndiye malangizowo anandikomera. Palibe anandiuza mbali yachiwiri, yakuti mapointi amangokufikitsa pakhomo, koma pulogalamu iliyonse ili ndi maphunziro ake amene imafuna. Ungakhale ndi mapointi 12, ngati phunziro lofunikalo mulibe, sakuyang'ana n'komwe. Ndipo inenso sindinafunse. Safunsa anadya phula.

Ndinachoka pamzerepo n'kukakhala pabenchi kukona ya holo, pafupi ndi tebulo limene panalibe munthu woima. Amene ankayang'anira anali atapita kukadya, panatsala mtsikana wa chaka chachitatu amene anabwera kudzathandiza. Ataona maso anga anandipatsa botolo la madzi.

"Iwe, wamwalira ndani?"

Ndinamufotokozera. Sanandiuze kuti zonse zikhala bwino. Anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Kupatula zimene akufuna amayi ako, ndi phunziro liti limene umawerenga ngakhale kulibe mayeso?" Ndinayankha mwamanyazi kuti History ndi Chichewa, ngati ndikuulula tchimo. Anaseka n'kunena kuti iye akuphunzira za zilankhulo. Sindinkadziwa kuti munthu angapite ku yunivesite kukaphunzira Chichewa chomwechi, mmene mawu amapangidwira, mmene chimasiyanirana ndi Chitumbuka kapena Chiyao. Ndinkayesa kuti Chichewa chimathera Fomu 4.

Tinacheza mwina mphindi 20, ndipo zimene ndinamva pamenepo zinaposa jumbo yonse ya mapepala. Anandiuza kuti ku mayunivesite a boma supita kukagogoda pa sukulu iliyonse payokha, koma umafunsira malo kudzera ku NCHE, ndipo chikalata chimene amatulutsa chimalemba pulogalamu iliyonse ndi zofunika zake. Anati ndidzachiwerenge chonse ndisanalembe kanthu, ndipo ndisadzaze mipata yonse ndi mapulogalamu amene aliyense akuthamangira. Anandiuza za ngongole ya ophunzira ya HESLGB, kuti kusankhidwa ndi kwina, ngongole ndi kwina, umafunsira payokha, si aliyense amaipeza, ndipo ndi ngongole ndithu yodzabweza. Anandiuza kuti malo ogona pasukulu sakwanira onse, ambiri amachita lendi ku Chikanda, choncho amayi asamangowerengera fizi, awerengerenso nyumba, ufa, makala ndi ndalama ya fotokope. Zonsezi ndinazilemba kuseri kwa kalendala ija ndi chimodzi mwa zolembera zinayi. Lero ndili ku Zomba, chaka chachitatu, ndikuphunzira za zilankhulo ndi mbiri. Dzina la mtsikanayo sindinalifunse.

Ndikamaganiza za tsikulo, ndimaona kuti ambiri a ife timalowa m'holo ngati tikupita kukaoneredwa. Timaopa kuti Chingerezi chithyoka, kuti funso lathu ndi lachimidzi, kuti a majekete atiseka. Koma amene akhala kuseri kwa tebulo anayenda ulendo wonsewo kuti adzafunsidwe. Ndipo ndi Amalawi, Chichewa amamva. Funso lofunsidwa m'Chichewa limayankhidwa bwinobwino.

Funso loyamba ndi la maphunziro: kuti ndilowe pulogalamu iyi, ndikhale ndi makirediti a maphunziro ati? Osangofunsa kuti mapointi angati. Ndipo apa m'pamene ndimatsutsana ndi chizolowezi cha sukulu zambiri chotumiza a Fomu 4 okha chifukwa akuti ndiwo ali pafupi kumaliza. Wa Fomu 4 anasankha kale. Chionetsero chimangomuuza zitseko zimene zinatsekeka. Amene chingamuthandize kwenikweni ndi wa Fomu 2, amene akangolemba JCE asankha zoti atenge ndi zoti asiye. Ndikanamva za Chemistry zaka ziwiri m'mbuyomo, mwina ndikanalimbana nayo, kapena ndikanaisiya ndikudziwa chimene ndikusiya. Sindikudandaula ndi kumene ndili, ndimakukonda. Chimene chimandiwawa n'chakuti chisankho chachikulu chotero ndinachipanga ndili m'tulo.

Funso lachiwiri ndi losasangalatsa, koma lofunika: kodi sukulu yanu ndi yolembetsedwa ku NCHE, ndipo pulogalamu iyi yeniyeniyi ndi yovomerezeka? Tisaiwale kuti chionetsero ndi msikanso. Ena mwa matebulo aja akufuna ophunzira chifukwa ophunzira ndiwo ndalama. Palibe cholakwika ndi kugulitsa malonda, koma wogula ayenera kutsegula maso, paja chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere. Mnzanga amene tinakwera naye lole imodzi anakopeka ndi kapepala kokongola ka koleji ina. Bambo ake anagulitsa mbuzi, iye anaphunzira chaka chathunthu, kenako anamva kuti pepala limene akanalandira silidziwika kulikonse. Panopa akugulitsa kaunjika, ndipo nkhani ya sukulu safuna kuimva. NCHE imatulutsa mndandanda wa sukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka. Wapatebulo akayankha mozungulira, lemba dzina la pulogalamuyo ukadzifufuzire wekha. Ngati ndi za unamwino, funsanso ngati a Nurses and Midwives Council of Malawi amaizindikira.

Funso lachitatu ndi la ndalama, ndipo lifunsidwe kwa wophunzira, osati kwa bwana. Abwana adzakuuza fizi ya pachaka, ndipo sakunama. Koma wophunzira ndiye amadziwa mtengo wa chipinda, mtunda woyenda wapansi kukafika m'kalasi, ndi zimene munthu amadya ndalama ikachedwa. Pafupifupi tebulo lililonse limakhala ndi mnyamata kapena mtsikana wonyamula mabokosi. Ameneyo ndiye wofunika kumusaka.

Chinanso, osamangoima pamene pali mzere wautali. Tsiku lija matebulo a za ntchito zamanja ndinawadutsa ngati mulibe anthu, chifukwa m'mutu mwanga koleji ya luso inali ya olephera. Lero ndikudziwa kuti kuli makoleji a Soche, Nasawa, Salima, Namitete, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia, oyendera pansi pa ndondomeko ya TEVETA, ndipo mnyamata wina wa kwathu amene anaphunzira zamagetsi anayamba kutumiza ndalama kunyumba ine ndikadapemphabe ya sopo. Kulinso Domasi ndi Nalikule kwa ofuna uphunzitsi wa kusekondale. Kwa ofuna zaumoyo kuli Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM monga a ku Nkhoma, Ekwendeni ndi Malamulo. Malo a m'mayunivesite asanu ndi imodzi a boma ndi ochepa poyerekeza ndi amene amakhoza MSCE chaka chilichonse. Kubwerako ndi njira imodzi yokha m'mutu ndi kudziika pamavuto.

Ndikudziwa kuti wina awerenga izi n'kunena kuti, ife kwathu chionetsero sichinafikeko n'komwe. N'zoona, ndipo ndi ambiri otero. Sukulu zili kutali ndi boma, ya lole palibe, ndipo amene amafunikitsitsa uthengawu ndi amene saumva. Ine ndinapita chifukwa cha ndowa ya mbatata. Anzanga ena m'kalasi anatsala. Koma taganizani, chimene chinandithandiza m'holo muja sichinali chikwangwani kapena kapepala. Anali wophunzira mmodzi wa chaka chachitatu, wokhala ndi mphindi 20 ndi botolo la madzi. Zimenezo tonse amene tikuwerenga pano tili nazo. Holide ikafika timapita kumudzi, timadutsa pa CDSS yomwe tinaphunzira, ana amatipatsa moni mwamantha, ife n'kumayang'ana pafoni. Holide yapitayi ndinakapempha aphunzitsi anga akale a History kuti andipatse ola limodzi ndi a Fomu 2. Ndinatenga chikalata cha NCHE cha chaka chathachi, tinawerenga limodzi zofunika za mapulogalamu angapo. Mtsikana wina anakweza dzanja n'kufunsa ngati n'zoona kuti munthu akhoza kusiya Masamu n'kudzakhala akauntanti. Ndinamuonetsa mzere wake, ngati mmene bambo aja anandionetsera ine. Kusiyana kwake n'kwakuti iye akadali ndi zaka ziwiri.

Amayi sanandilankhule bwino kwa masiku angapo nditabwerako ku chionetsero chija. Ankaona ngati ndawabera unamwino wawo. Anayamba kumasuka tsiku limene dzina langa linatuluka, ndipo panopa amauza anthu kutchalitchi kuti mwana wawo akuphunzira zolemba mabuku. Sindiwakonza.

Mng'ono wanga ndinamuimbiranso madzulo ake. Ndinamuuza kuti avale yunifomu, atenge kope, ndipo alembe mafunso atatu asanagone. Anadandaula kuti sakudziwa chimene akufuna kudzakhala. Ndinati palibe vuto, akafunse za ntchito zitatu zosiyana, ndipo pa iliyonse alembe maphunziro amene sayenera kusiya. Ndinamuuzanso kuti akaona tebulo lopanda anthu akaime pamenepo.

"Nanga zolembera akapereka ndisatenge?"

"Utenge," ndinamuyankha. "Chimodzi undisungire, zanga zija zinatha kalekale."